Nkhope ziwiri za 641

Dzulo usiku, mvula ikusokosa pamalata kuno ku Chinamwali, ndinamvetsa chinthu chimene chakhala chikundizunguza mutu kuyambira teremu yatha. Mtima unakhala m'malo, koma tulo sindinatione chifukwa cha chimwemwe.

Nkhani yake ndi ya 4294967297, ija ya 2^32 + 1 (2^32 ndi ma 2 okwana 32 ochulukitsidwa pamodzi). Anzanga mukudziwa kale kuti Fermat ankakhulupirira kuti nambala zonse za mtundu umenewu, wa 2^(2^n) + 1, ndi ma prime (nambala zosagawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi izo zomwe), poti 3, 5, 17, 257 ndi 65537 zonse zili choncho. Mu 1732 Euler anasonyeza kuti 4294967297 imagawika, ndi 641 × 6700417. Zimenezi ndinangoziloweza ngati ndakatulo ya ku pulayimale. Chomwe sichinkandilowa n'chakuti munthu angatsimikize bwanji osakhala pansi n'kugawa chinambala chonsecho pamanja.

Yankho lili mwa 641 mwiniwakeyo. Ali ndi nkhope ziwiri. Yoyamba, iye ndi 5 × 2^7 + 1, ndiye kuti pa mod 641 (poyang'ana chotsala chokha ukagawa ndi 641), 5 × 2^7 ndi -1, poti yangoperewera 1 kuti ikwane 641. Ukazichulukitsa zokha kanayi, 5^4 × 2^28 akupereka 1. Yachiwiri, 641 yemweyo ndi 625 + 16, kapena kuti 5^4 + 2^4, choncho 5^4 ndi -2^4. Lowetsa ameneyu pamene panali 5^4 paja: -2^32 ndi 1, kutanthauza kuti 2^32 ndi -1. Onjezera 1, chotsala palibe. Basi! Mizere inayi yokha, ndipo nambala ya madijiti khumi yagonja usanayikhudze n'komwe. Ndinazilemba katatu kuchikuto kwa kope, ndi tochi ya foni poti magetsi anali atazima, ndipo katatu konseko zinatuluka chimodzimodzi.

Kwa ine tsopano mod ndiye kiyi wa chilichonse m'phunziro limeneli. Nambala ikakula bwanji, ndingoifunsa chotsala chake, zina zonse ndi katundu wongolemetsa.

Koma chikundiwawa n'chakuti aphunzitsi athu analemba 641 × 6700417 pabolodi, n'kunena kuti "zotsalazo mukawerenge nokha," choko chisanaume n'komwe anafufuta n'kupita mutu wina. Ndikumvetsa kuti silabasi ndi yaitali ndipo mayeso ayandikira. Komabe mphindi zisanu zikanakwana kutionetsa 625 + 16 uja. Miyezi itatu ndakhala ndikudziona ngati wopanda mutu wa masamu chifukwa cha mphindi zisanu zimenezo.

Pali pena pomwe sipanakhazikike. Euler ankadziwa kuti nambala iliyonse ya prime yogawa 2^32 + 1 iyenera kukhala ya mtundu wa 64k + 1, n'chifukwa chake sanavutike kuyesa zonse, ndipo 641 ndi 64 × 10 + 1. Umboni wa zimenezi ndauwerenga kawiri, koma ndikatseka buku umathawa. Nanga nkhope ziwiri zija, zinangochitika mwamwayi kwa 641 yekha, kapena pali chifukwa chakuya chimene sindinachione? Ndikapatsidwa nambala ina pamayeso, kaya ndidzazipeza ndekha.