Ku New Hampshire ofuna upulezidenti amafunsidwa maso ndi maso

Chigawo cha New Hampshire, kumene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Manchester, chili ndi anthu pafupifupi 1.4 miliyoni basi. Koma aliyense wofuna upulezidenti wa America amayenera kudzapondako, mu Januwale kapena Febuluwale, kunja chipale chofewa chili mbuu. Chisankho chachipulula cha kuno chakhala chikutsogola kuyambira 1920, ndipo mu 1975 adachita kuika lamulo loteteza mwambowu, lomwe lero limati chizichitika masiku osachepera 7 chisankho china chofanana nacho chisanachitike kwina. Anzathu a m'chigawo cha Iowa amayamba ndithu, koma kwawo zimakhala misonkhano ya zipani.

Chimene chimandigwira mtima ndi momwe akuluakuluwa amadzichepetsera. Amalowa m'malo odyera ngati Red Arrow, n'kumapatsa moni tebulo ndi tebulo. Agogo ena amene ndimawasamalira adandipempha kuti ndiwaperekeze ku msonkhano mu holo ya sukulu. Ndidawakankha pa njinga yawo ya olumala mpaka kutsogolo. Atapatsidwa maikolofoni adatulutsa lisiti la mankhwala awo m'chikwama, manja akunjenjemera, n'kufunsa kuti munthu wopuma pantchito ndalama zimenezi azizitenga kuti. Wopikisanayo adalibe kothawira. Agogowo amati munthu amene sanamuyang'ane m'maso samuvotera.

Komabe dandaulo lilipo, ndipo ine monga munthu wakuda ndimalimva bwino lomwe. Kuno anthu pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse ndi azungu, choncho ena amati chigawochi sichiyenera kutsogola. Mu 2020 Joe Biden adakhala wachisanu kuno, anthu n'kumati zake zada. Patangopita milungu yochepa anthu akuda a ku South Carolina adamudzutsa. N'chifukwa chake pa chisankho cha 2024 chipani cha Democratic chidaika South Carolina patsogolo. New Hampshire idakana, idavota pa 23 Januwale, dzina la Biden lisali pa pepala. Anthu adachita kulilemba ndi manja ndipo adapambana. Mbali ya Republican, Donald Trump adagonjetsa Nikki Haley.

Ine sindingalimbane nazo zoti chigawo chiti chiyambe. Pempho langa n'lakuti chikhale chaching'ono. Atayambira ku zigawo zazikulu ngati California kapena Texas, chipulula chidzasanduka mpikisano wa amene ali ndi ndalama zolengezetsa pa wailesi yakanema, ndipo agogo anga aja maikolofoni sadzawapezanso.