Purosesa ya ku Angónia pa dzuwa la ku Tete

Ndalama za mbatatesi za chaka chimenecho zidandikwanira kugula chinthu chimene ndidakhala ndikuchilakalaka kuyambira ndili mnyamata, kompyuta yeniyeni ya masewero, yolumikiza ndekha chida ndi chida. Ndimakhala ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, kumene masitolo amadzaza ndi feteleza, malata ndi mafoni, koma purosesa yamphamvu, kachida kamene kali ngati ubongo wa kompyuta, simungaipeze ngakhale mutafunsa khomo ndi khomo. Choncho zida zonse zidayenera kubwera kuchokera ku Johannesburg ndi mnzanga wina woyendetsa thiraki amene amadutsira pa chipata cha Cuchamano, ndipo popeza munthu wotere sungamutume kawiri, ndidafunika kusankha mosamala.

Mapurosesa awiri ndiwo adandisowetsa tulo. Yoyamba idali Ryzen 7 5800X3D ya AMD, imene idatuluka mu 2022, ndipo anthu a masewero ankaitamanda chifukwa cha cache yake ya 96 MB, imene imasunga zinthu pafupi zedi ndi pamene purosesa imawerengera, kotero kuti siyembekezera kawirikawiri RAM, nkhokwe yaikulu imene ili patalipo. Inayo idali Core i5-12600K ya Intel, ya mu 2021, yokhala ndi ma core 10, tizigawo timene timagwira ntchito yowerengera, asanu ndi imodzi amphamvu ndi anayi ang'onoang'ono a ntchito zopepuka. Pa masewero yoyamba ija ndiyo inkathamanga kwambiri, ndipo munthu wodekha akadatola imeneyo n'kukagona. Koma idali yodula, komanso opanga adaitseka kuti munthu asakweze liwiro lake mmene angafunire, pamene inzakeyo, monga mapurosesa onse a Intel okhala ndi chilembo K, idali yotsekula. Ine ndinkafuna purosesa imene ndingaiwonjezere liwiro ndi manja anga, kuti pocheza ndi anzanga ndizinena kuti yanga ndidaipanga overclock, ndipo mawu amenewo azimveka mpaka kwa okhala kumbuyo.

Choncho ndidatola ya Intel ija, koma purosesa yotere sibwera yokha. Kuti liwiro likwezeke pamafunika motherboard, bolodi lalikulu lolumikizapo zida zonse, ya mtundu wa Z690, chifukwa yotchipirapo ya B660 siilola kusintha multiplier, nambala yochulukitsira liwiro, ndipo m'bokosi la purosesayo mulibe cooler yoiziziritsira, ndiye kuti nayonso ndi yogula padera. Ndidasankha cooler ya mpweya, chinsanja cha tizitsulo topyapyala chokhala ndi mafani awiri, popeza ya madzi ndinkaiopa kuti ingadzadonthere mkati. Mayi a ana ataona mtengo wake adandifunsa modekha kuti, "Bambo, ndiye kuti fani yokhayi ndi matumba angati a feteleza?" Ndidawayankha kuti chinthucho si fani wamba, iwo n'kungoti chabwino, koma chabwino wake ndidamumva bwino lomwe.

Ntchito yokweza liwiro ndidaigwira mu Julaye, nthawi imene kuno kumapiri munthu amaotha moto m'mawa ndipo madzi a mumtsuko amaluma mano. Masamu ake ndi osavuta. Motherboard imapereka kugunda koyambira kwa 100 MHz, ndipo purosesa imachulukitsa kugundako ndi nambala ya multiplier, kotero kuti mukalemba 49 mu BIOS, mmene mumasinthiramo makonzedwe a motherboard, mwapeza 4.9 GHz, liwiro lapamwamba limene purosesa yangayo imafika payokha, ndipo mukalemba 51 mwapeza 5.1 GHz. Chovuta n'chakuti liwiro likakwera purosesa imafuna voteji yochulukirapo kuti isamalakwitse powerengera, ndipo kutentha kumakwera mofulumira kuposa votejiyo, moti kachidutswa kakang'ono kamene mwawonjezera kamabweza moto wambiri. Ndinkakweza pang'ono, n'kuyatsa pulogalamu yoyesera mphamvu ya Cinebench kuti ikhetse purosesa thukuta, n'kumayang'ana kutentha pa pulogalamu ya HWiNFO nditafunda bulangete. Potsiriza ma core onse amphamvu adakhazikika pa 5.1 GHz ndi voteji ya 1.32, kutentha kukuima pa madigiri 84, pamene malire ake ndi 100. Ndidajambula manambalawo n'kuwatumiza pa WhatsApp kwa aliyense amene nambala yake ndidali nayo, kuphatikizapo anthu amene sadziwa n'komwe kuti purosesa imakhala mbali iti ya kompyuta.

Mmodzi mwa olandira chithunzicho adali alamu anga, achimwene a mayi a ana, amene amakhala ku Matundo, mumzinda wa Tete, pamodzi ndi apongozi anga aakazi. Iwo ali ndi kachipinda ka masewero kumene anyamata amalipira kuti asewere mpira pa TV, ndipo adandiitana kuti ndibwere ndi makina angawo kumapeto kwa Okutobala, anthu a kuchigwa adzaone zimene a kumapiri amatha. Ndidakwera chapa, minibasi ya kuno, kompyuta ili pamiyendo, itakulungidwa m'bulangete lomwe lija. Ulendowo ndi wa makilomita oposa 200 ndipo mbali yaikulu ndi yotsetsereka, moti pochoka ndidavala jekete, pa Mussacama ndidaivula, ndipo pofika ku Moatize, kumene fumbi la malasha limakulandira usadatsike, malaya adali atandimata kumsana. Aliyense amadziwa kuti m'mwezi umenewu ku Tete kutentha kumapitirira madigiri 40. Inenso ndinkadziwa, koma ndinkaganizira thupi langa lokha.

Nditafika ndidaika kompyuta patebulo m'kachipinda kaja, kamene denga lake ndi la malata opanda siling'i, ndidalumikiza mawaya onse, kenako ndidapita kukasamba. Apongozi anga ndi mayi aukhondo amene sangaone chinthu chodula chili pambalambanda. Pamene ndinkabwerera ndidapeza ataphimba pamwamba pa bokosi ndi kansalu koluka koyera, kamaluwa m'mphepete, ndipo pakati pake ataimikapo kabotolo ka maluwa apulasitiki. Pamwamba pomwepo ndi pamene pali timabowo totulukira mpweya wotentha. Ndidatambasula dzanja kuti ndichotse, koma iwo adali ataima pakhomo akumwetulira.

"Bambo, fumbi la kuno ndi loipa, lingakuwonongereni wailesi yanuyo," adatero.

"Zikomo kwambiri, amayi, mwachita bwino," ndidayankha, dzanja ndikulibweza m'thumba.

Mkamwini amene angachotse nsalu ya apongozi ake iwo akuona, pamaso pa anthu, ine sindidamuonepo.

Pofika masana kachipindako kadadzaza anyamata, ena atakhala pansi, ena akusuzumira pawindo. M'malo moyamba ndi masewero, ndidati ndiwaonetse kaye Cinebench, kuti manambala alankhule okha. Mafani adayamba kulira mwamphamvu, maluwa apulasitiki akunjenjemera, ndipo nambala ya kutentha idadumpha 84 yanga ija osaima n'komwe, idadutsa 95, n'kukagunda pa 100 itafiira. Cooler ya mpweya siingaziziritse purosesa kuposa mpweya umene ikukoka, imangoisunga pa mtunda wakutiwakuti pamwamba pa kutentha kwa m'chipinda. Usiku wa ku Ulónguè uja chipinda chidali pa madigiri 14 kapena 15, pamene pansi pa malata a alamu padali poposa 40, ndipo aliyense wodziwa kuphatikiza angaone kumene nkhaniyo inkalowera. Purosesa idachita zimene idapangidwira ikafika pamalire, idadzitsitsa liwiro yokha kuti isapse, moti 5.1 yanga idatsika n'kukhala 4.6, kenako 4.3, anyamata akuwerenga mokweza ngati akuwerengera wankhonya amene wagwa.

Ndidatseka Cinebench msangamsanga n'kunena kuti zimenezo n'zongoyesera, chenicheni ndi mpira. Adandipatsa mwana wa alamu, mnyamata wa zaka 13 wosalankhulalankhula, kuti ndiyambe naye. Ndidamugoletsa chigoli chimodzi, ndipo ndikukonzekera kumenya penate kuti ndimutsirize, TV yonse idasanduka yabuluu, pakona pali kankhope kachisoni. Purosesa ikatentha kwambiri, voteji imene inkaikwanira kukuzizira imayamba kuperewera, ndipo ikalakwitsa powerengera Windows imaimitsa zonse.

"Alamu, kodi makina anuwa adwala malungo?" adafunsa alamu anga, anthu onse n'kufa nacho chikhakhali.

Apa aliyense adasanduka katswiri. Wina adati titsekule chitseko cha m'mbali, ndipo tidatsekula. Wina adabweretsa fani yaikulu ya m'nyumba, imene idangotithira mpweya wotentha kumaso. Alamu adati tiilowetse kompyutayo mufiriji yawo yaikulu, mmene amasungamo zakumwa ndi nsomba za ku Cahora Bassa, ingotsala waya panja, ndipo ndidavutika kuwafotokozera kuti chitsulo chozizira chikakumana ndi mpweya wofunda chimachita mame, ndipo mame pa motherboard ndi maliro. Tidagwirizana zoimika mabotolo a madzi oundana kutsogolo kwa mafani, koma posakhalitsa mabotolowo adayamba kuchucha, timadontho tikuyenderera patebulo kulowera kumene kuli mawaya, mpaka mnyamata wina adapatsidwa ntchito yopukuta ndi malaya ake. Kansalu ka apongozi kadali pomwepo nthawi yonseyi, chifukwa iwo adali atakoka mpando n'kukhala pakhomo kuti aone mpira wa mkamwini wawo.

Ndidalowa mu BIOS maso onse ali pa ine. Njira yolongosoka idali yotsitsa multiplier, koma kutsitsa nambala pamaso pa anthu amene ndidawatumizira chithunzi kudandikanika, choncho ndidakweza voteji, ndipo poona kuti anyamata akuchita chidwi, ndidakankhiranso liwiro la RAM patsogolo. Ndidasunga zosinthazo, kompyuta idazima, mafani adazungulira, adaima, adazunguliranso, koma TV idakhala bii. Pa motherboard padangoyaka kanyali kamodzi kofiira.

Mankhwala a vuto lotere ndi kufufuta zonse zimene BIOS ikukumbukira, ndipo njira yodziwika ndi kuzula waya wa magetsi, kuchotsa kabatire kobulungira ka CR2032 kamene kali pa motherboard, kudikira pang'ono n'kukabwezera. Kabatireko kadali kuseri kwa graphics card, chida chotumiza zithunzi ku TV, zala zanga zili thukuta lokhalokha. Nditakanikiza kachitsulo kogwirira, kadafwanthuka, kadagwa pasimenti, kadagubuduka kudutsa pakati pa mapazi a anthu onse aja popanda woponda, n'kukalowa pansi pa firiji yodzaza ija, imene amuna anayi adalephera kuisuntha.

Alamu anga ndi munthu wamtima wabwino. Adatulutsa kiyi wa galimoto yawo, adamutsekula ndi mpeni, ndipo mkati mwake mudali kabatire ka mtundu womwewo. Ndidakaika, ndidayatsa, ndipo kompyuta idadzuka bwinobwino ili pa liwiro la kufakitale, overclock yanga yonse ya mu Julaye itafufutika. Apongozi adaimirira kupita kukayang'ana mphika, ine n'kupezerapo mpata wosunthira kansalu kaja kumbuyo pang'ono, ndipo kutentha kudatsika mpaka pamene munthu angapumire.

Tidayambiranso mpira, ndipo masewerowo ankayenda mosalala kuposa kale. Mwana uja adandigoletsa zigoli zinayi ine wopanda n'chimodzi chomwe. Atatha adaika gamepad pansi mwaulemu n'kundifunsa ndi mawu otsika, koma omveka kwa onse.

"Atsibweni a kumapiri, TV ya adadi ndi ya 60 Hz, imaonetsa zithunzi 60 zokha pa sekondi. Nanga liwiro lina lija linkapita kuti?"

Ndidamuuza kuti nkhani imeneyo ndi yaitali. Iye adawonjezera kuti kusukulu kwawo kuli kompyuta imene ilibe kabatire n'komwe koma imayaka tsiku lililonse, imangoiwala nthawi basi. Alamu adandiyang'ana, adayang'ana kiyi wawo amene adali gadaa patebulo, koma sadanene kanthu.

Chakumadzulo apongozi adatuluka atavala yunifolomu yawo ya kwaya, nthawi itawathera, ndipo alamu adathamangira ku galimoto kuti akawasiye kutchalitchi. Adadina batani la kiyi, galimoto idangokhala chete. Adatsekula chitseko ndi kiyi wachitsulo, ndipo pomwepo alamu ya galimoto idayamba kukuwa, nyali zikuphethira, agalu a Matundo yense akuvomera, anansi akutuluka ndi zibonga poganiza kuti kwabwera akuba. Chozimitsira phokosolo chidali kabatire kamene kadali mkati mwa kompyuta yanga, kuseri kwa graphics card, ndipo pa kompyutapo anyamata awiri adali pakati pa fainolo imene adabetcherana mameticais awo a sabata yonse. Adandiuza mwaulemu kuti aliyense wokhudza waya asadamalize adzabweza ndalamazo yekha.

Apongozi adayenda wapansi. Ine ndidagona chafufumimba pasimenti yotentha, tochi ya foni ili pakamwa, ndikukolowola pansi pa firiji ndi waya wa hang'ala, pamene alamu anga adaima pambali akundifunsa mokuwa, kuti apose phokoso la galimoto, ngati ndingawapangireko overclock kompyuta yawo ya mu ofesi ndisadabwerere kumapiri.