Mutu wa Sitima Wopendekeka wa ku Cass

Ndinafika ku Cass, m'chigawo cha West Virginia ku America, nditavala malaya oyera. Pofika masana anali bii ndi mwaye, ndipo kachidutswa ka malasha kanandigwera m'diso mpaka misozi chuchuchu. Sindinadandaule, poti chimene ndinapitira ndinachiona: mutu wa sitima wotchedwa Shay Nambala 5, womwe unapangidwa mu 1905 ku fakitale ya mumzinda wa Lima ku Ohio, ndipo ukadali pa phiri lomwe lija anaugulira.

Ine makina ndimawakonda, ndiye ndinauzungulira kawiri usananyamuke. Ukauyang'ana chakutsogolo umaoneka wopendekeka ngati opanga analakwitsa muyeso. Ayi, ndi dala. Boila, chimgolo chowiritsiramo madzi kuti atulutse nthunzi, anaikankhira kumanzere kuti kumanja kukhale malo a masilinda atatu oimirira. Masilindawo amazunguza shafti yaitali imene yadutsa m'mbali kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo shaftiyo imalumana ndi magiya a pamawilo. Choncho wilo lililonse limakoka nawo, ngakhale lija la pansi pa thanki la madzi. Zonsezi zili poyera, ukuziona ndi maso zikutakataka, girisi ali noninoni. Phokoso lake ungati ukuthamanga liwiro la mtondo wadooka, koma ukasuzumira pansi upeza kuti munthu wapanjinga akhoza kuupitirira osatuluka thukuta.

Amene anaganiza zimenezi ndi Ephraim Shay, wodula mitengo wa ku Michigan, yemwe analandira chiphaso cha luso lakeli mu 1881. Vuto lake linali lodziwika kwa aliyense wa ntchitoyo: njanji za m'nkhalango ankangoziyala mwachangu, zokhotakhota, pa zitunda zoti sitima wamba ikanangoterereka. Akamaliza kudula dera limodzi, ankazula njanjizo n'kukaziyala kwina. Pankafunika chinthu champhamvu, chosasamala za liwiro. Fakitale ya Lima inapanga mitu yotere yoposa 2,700 kufikira 1945, ndipo womaliza weniweniwo, wotchedwa Big 6, nawonso uli ku Cass komweko.

Tauniyi inamangidwa ndi kampani ya West Virginia Pulp and Paper cha mu 1901, kuti izidula mitengo ya red spruce pamwamba pa mapiri. Mu 1942 malowa anapita m'manja mwa Mower Lumber Company, ndipo mu 1960 macheka anasiya kulira. Njanji ndi mitu ya sitima zinagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha. Ntchito yozula inali itayamba kale pamene okonda sitima ndi anthu a m'deralo anakakamiza boma la chigawocho kuti ligule zotsalazo. Mu 1963 alendo oyamba anakwera. Akanachedwa pang'ono, Nambala 5 bwenzi ali misomali m'nyumba ya wina.

Ulendo wa pasitima wopita pansonga ya phiri yotchedwa Bald Knob ndi wa mamailosi 11 okha, koma kupita ndi kubwerera umadya maola oposa anayi. Pamalo awiri phirilo ndi loima kwambiri moti njanji sinathe kukhota. Sitima imalowa pa kanjanji kothera panjira, munthu amatsika kukatembenuza polumikizira, kenako imabwerera chafutambuyo koma ikukwerabe. Apa mpamene ndinayamba kuyang'ana mitengo m'malo moyang'ana magiya, ndipo mtima unandiwawa pang'ono. Nkhalango yonse yokongola imene tinkadutsamo ndi yophukira kachiwiri. Yoyamba ija, ya mitengo ya zaka mazanamazana, inatsika phirili pa mabogi okokedwa ndi chitsulo chomwechi chimene ife tinkachijambula mokondwa. Sindikuti achitaye, ayi. Koma amene amachiwalitsa ndi nsanza azinenanso zimene chinachita, ndipo pa siteshoni ya panjira ya Whittaker, pomwe anamanganso msasa wa odula mitengo, ayesetsa ndithu kuonetsa moyo umene unalipo.

Titatsika ndinacheza ndi bambo wina wachikulire wa ku shedi yokonzera, manja ake akuda mpaka m'zigongono. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, zipangizo zikatha mumakagula kuti?" Anandiseka. Palibe sitolo yogulitsa giya la Shay. Likatha mano, amajambula muyeso, kukaumbitsa latsopano, n'kulisema okha pa makina. Kenako pali lamulo la boma la America: boila iliyonse ikagwira ntchito masiku 1,472, kapena pakatha zaka 15, iyenera kuphwasulidwa, mapaipi a mkati kuchotsedwa, chitsulo kupimidwa kukhuthala kwake malo ndi malo. Ntchito imeneyo imatha miyezi, nthawi zina zaka. Anandiuza kuti chimene chimawadetsa nkhawa si dzimbiri, koma kuti odziwa kumva ndi khutu pamene giya layamba kudya molakwika akutha mmodzimmodzi.

Pambali pawo panali mtsikana wovala ovolosi, atanyamula kachitini ka oyilo ka mlomo wautali, akudontheza pa mfundo iliyonse ya shafti. Bambowo anasiya kuyankhula nane pakati pa mawu, n'kumuloza malo amodzi amene anawadumpha. Iye anabwerera, anagwada, n'kuthirapo.