Poti ya kemo: funsani ngati abaya akuona pa sikani

Kemo, mankhwala amphamvu a khansa, amaononga mitsempha ya magazi, izi ndaziona ndi maso angawa. Achemwali anga atayamba kulandira mankhwala a khansa ya m'mawere kuno ku Joni, mitsempha ya padzanja inauma, inachita kuda, anesi kubaya apa osaupeza, kubaya apo osaupezanso, iwo misozi ili chuchuchu koma osadandaula. Ndiye adokotala anati bola tiike poti. Kubanja tonse tinachita mantha titamva zoti kapaipi kake kamakafika pafupi ndi mtima, amayi kumudzi anachita kukana pa foni kuti mwana wanga asamubowole pamtima ayi.

Poti ndi kachinthu kakang'ono, kukula ngati ndalama yachitsulo koma kokhuthala, ka titanium kapena pulasitiki, pamwamba pali kalabala ka silicone pobayapo. Amakabisa pansi pa khungu pachifuwa, m'munsi mwa fupa lija lochokera pakhosi kupita paphewa. Kapaipi kofewa kamalowa mu mtsempha waukulu n'kutsika mpaka polowera mumtima, pomwe magazi ndi ambiri komanso amathamanga, ndiye mankhwala amasakanikirana msanga osaotcha. Si zatsopano ayi, zinayamba kale mu 1982.

Pamene pali ngozi penipeni ndi pa kubaya koyamba polowetsa kapaipi kaja mu mtsempha. Mtsempha wa pakhosi umene amaufuna, jugular, wayandikana kwambiri ndi carotid, uja umagunda wopititsa magazi ku ubongo, ndipo m'munsi pang'ono muli nsonga ya phapo. Kale dokotala amangopapasa mafupa ndi minofu n'kubaya moyerekeza, ndipo anthufe sitinapangidwe chimodzimodzi, wina mtsempha wake uli pambali wina ndi wochepa. Singano ikaphonya itha kubowola carotid khosi n'kutupa ndi magazi, kapena kukhudza phapo mpweya n'kutulukira m'chifuwa, phapolo n'kuphwa, munthu wodwala kale n'kufunikanso paipi ina yapanthiti.

Pano amagwiritsa ntchito sikani, yomwe ija amaonera mwana m'mimba. Adokotala anandifotokozera bwinobwino ndipo ndinamva mtima kukhala pansi: akakanikiza khosi ndi ka mashini kaja, jugular imaphwatalala, pomwe carotid imakhalabe yozungulira ikugunda, ndiye sangazisokoneze. Singano amaiona pa sikirini ikulowa. Ngati mtsemphawo uli ndi magazi oundana amadziwiratu asanabaye n'kupita mbali inayo. Kuphonya kumachepa, kubaya kambirimbiri kumachepanso, n'chifukwa chake ku Britain bungwe la zaumoyo la NICE linalangiza zogwiritsa ntchito sikani pobaya mtsempha wa pakhosiwu kuyambira 2002. Komanso kapaipi kolowera pakhosi sikapanikizika pakati pa fupa lija ndi nthiti yoyamba ngati mmene zimachitikira nthawi zina akalowera m'munsi mwa fupalo.

Achemwali sanawagoneke tulo, anangowabaya wadzanzi, ola silinakwane. Anatuluka ndi mapulasitala awiri, kakang'ono pakhosi ndi lina pachifuwa, anawajambula ekisire kuona pamene kapaipi kathera komanso ngati mapapo ali bwino, madzulo tinali kunyumba akumwa tiyi. Ndiye inu ngati wanu akukaikidwa poti funsani basi, musachite manyazi: adokotala, mubaya mukuona pa sikani?

Koma sikani ntchito yake imathera mu thiyeta momwemo, zotsalazo ndi zathu. Poti itha kulowa majeremusi ndipo amapita m'magazi molunjika, munthu wa kemo chitetezo chili chotsika kale. Thupi likatentha kufika madigiri 38, kapena kunjenjemera atangobaya pa poti, pamalopo pakafiira, kutuluka mafinya, kapena dzanja ndi khosi la mbali imeneyo zikatupa, musati timwe kaye Panado tione mawa, thamangani kuchipatala usiku womwewo. Singano yake ndi yapadera, amati Huber, singano wamba imaononga kalabala kaja, ndipo wobayayo asambe m'manja, avale magulovu, apukute khungu ndi mankhwala.

Poti ikakhala kuti sikugwiritsidwa ntchito imafunika kutsukidwa ndi saline, madzi amchere a kuchipatala, mwezi ndi mwezi kapena mmene adokotala anenera. Abale amene mumabwera kudzalandira chithandizo kuno kapena ku India kenako n'kubwerera ku Malawi, nkhani iyi muikambiretu musanakwere basi kapena ndege, dziwani amene azikaitsuka kwanuko, tengani kakhadi ka poti yanu ndipo pemphani masingano a Huber angapo muike m'chikwama.