Lachitatu: amfumu arapa, holo yaseka

Lero masana taimba nyimbo yotsegulira sewero lathu pamaso pa anthu koyamba. Sanali anthu oitanidwa ayi. Anali amayi a kwaya omwe amadikira kuti tiwapatse holo, akuluampingo omwe amachokera ku msonkhano wawo, ndi ana aja omwe sasowa paliponse pamene pali sipika. Sewero lenilenilo silinathe kulembedwa. Nkhani yake ndi ya mlandu wa munda, ndipo nyimbo yomwe yapsa ndi imodzi yokhayi, pomwe amfumu amafotokoza momwe mundawo unayendera kuchokera kwa agogo mpaka kufika pabwalo.

Mnyamata amene anaipeka ndiye amasewera ngati amfumu. Atangonena kuti amfumuwo alankhula morapa, holo yonse inagwa nacho chiseko. Ali mkati moimba, mayi wina anafunsa mokweza kuti, "Ndi mfumu yanji yolankhula ngati ikuthamangitsidwa ndi agalu?" Anzake anafa nalo phwete. Pomaliza anawomba m'manja ndithu, ena mpaka nthungululu, koma mwana wa eni ake anatsika atakwinya nkhope, n'kunena kuti nyimboyo aitaya.

Madzulo tinakhala pakhonde pa holo, ndipo ndinawaonetsa pafoni kanema amene ndimamukonda. Bandulo inaphedwa, koma sindikudandaula.

Kanemayo ndi wa pa 12 May 2009, ku White House, nyumba ya pulezidenti wa America, usiku wa ndakatulo ndi nyimbo womwe Barack ndi Michelle Obama anakonza. Lin-Manuel Miranda anali atatchuka ndi sewero la In the Heights, lomwe linapata Tony, mphoto yaikulu ya masewero ku America, mu 2008, ndipo omuitana ankayembekezera kuti aimba kanthu kochokera m'menemo. Iye anabwera ndi china. Anauza anthu kuti akukonza chimbale cha hip-hop chonena za Alexander Hamilton, nduna yoyamba ya zachuma ya dziko la America, yemwe nkhope yake ili pa ndalama ya madola 10. Anthu anaseka. Iye anawayankha kuti akuseka koma ndi zoona, kenako Alex Lacamoire anayamba kuliza piyano.

Apa ndinawauza anyamata kuti asiye kuyang'ana woimbayo, amvetsere anthu. Chiseko choyamba ndi cha munthu amene akuganiza kuti wamva nthabwala. Koma nyimbo ikamalowa mu nkhani, kumayamba kuchepa kuseka: mwana wobadwira pa chilumba cha Nevis, bambo ake kuthawa, mayi ake kumwalira, namondwe kusakaza St. Croix mu 1772, kalata yomwe analemba yofotokoza namondweyo kupangitsa anthu kusonkha ndalama zomutumizira ku sukulu ku New York. Zonsezo m'mphindi zochepa, palibe liwu longodzazira malo. Kumapeto woimbayo, yemwe akulankhula ngati Aaron Burr, amadziulula kuti ndiye anawombera Hamilton, ndipo anthu amasekanso. Koma chiseko ichi n'china. Ndi cha anthu amene agwidwa kale ndi nkhani. Atamaliza anaimirira akuwomba m'manja.

Burr ameneyu, paja, anali wachiwiri kwa pulezidenti pomwe anawomberana ndi Hamilton ku Weehawken, New Jersey, mu July 1804. Mtsikana wathu wa zovala atamva zimenezo anangoti, "Ndiye kuti ndale zinayamba kale kununkha."

Wopeka nyimbo uja sanakhutire. Anati, "Achimwene, amenewo amaseka kunyumba kwa pulezidenti, atavala masuti. Ine andiseka amayi a kwaya, ndipo Lamulungu ndikumana nawo." Sindinamutsutse. Chomwe ndinamufunsa n'choti kodi anamva pomwe amayi aja anasiyira kuseka? Ine ndinali kumbuyo ndipo ndinaona. Pa ndime yomwe amfumu amatchula za mkazi wamasiye amene alamu ake anamulanda munda mwambo wa maliro usanathe, mayi yemwe uja wa agalu anaika dzanja patsaya. Wina anati "zoona" chapansipansi. Munthu amene wakana nyimbo sachita zimenezo. Amatulutsa foni kapena kuyamba kukamba za mtengo wa feteleza.

Vuto lomwe ndaliona ine lili pena. Nyimboyo ikuthamanga kwambiri pachiyambi, anthu asanazolowere khutu. Mawu a Chichewa ndi aatali, ukawapanikiza amasanduka phala. Ndime yoyamba palibe anaimva, ndipo m'menemo ndi momwe muli mayina a eni munda.

Ndinawakumbutsanso kuti m'manja mwa usiku umodzi simumaliza sewero. Miranda anatenga nkhaniyo m'buku la Ron Chernow la 2004, ndipo tsiku lija sankanena n'komwe za sewero, ankati chimbale. Sewero la Hamilton linadzaonetsedwa ku Public Theater ku New York kumayambiriro kwa 2015, n'kusamukira ku Richard Rodgers Theatre pa Broadway mu August chaka chomwecho. Mu 2016 ndi pomwe linatenga mphoto za Tony 11 ndi Pulitzer. Kuchokera 2009, zaka pafupifupi 6 akulemba ndi kufufuta. Ife tikufuna zathu zipse pofika Khirisimasi, ndipo keyboard ndi yobwereka.

Chinthu chimodzi chomwe tinagwirizana tachitola komweko. Nyimbo ija itafika pa siteji siinakhalenso ya munthu mmodzi. Burr amayamba, kenako ena amalandirana mizere. Tiyesa chimodzimodzi. Amfumu ayambe pang'onopang'ono ngati akutsegula mlandu, nduna zawo zizivomera, mkazi wamasiye aimbe yekha ndime yake, kurapa kwenikweni kubwere mkangano ukafika pachimake. Wopeka uja anavomera mokakamizika, koma wakanitsitsa kuchotsa mzere wa mbuzi ya chindapusa, ngakhale tonse tikuti ndi wautali.

Pobwerera ndinadutsa pamsika kugula tomato, ndipo ndinapeza nkhani yandiyambira kutsogolo. Mayi wogulitsa anandifunsa ngati ndine wa gulu lija la amfumu orapa, komanso kuti pakhomo padzakhala ndalama zingati. Mtengo sitinakambirane n'komwe. Ndalembera msungichuma kuti Loweruka abwere ndi chiwerengero, ndipo wandiyankha kuti ayambe waona kaye ngongole ya holo.