Kufufuza interrupt yomwe ikugwetsa makina pa Cortex-M ndi FreeRTOS

Pa ma processor a Cortex-M omwe akuyendetsa FreeRTOS (operating system yaing'ono yogawa ntchito m'ma task), chovuta ndi ma interrupt, zizindikiro zomwe zimadukiza processor kuti ichite kaye ntchito yachangu, n'chakuti pomwe pulogalamu yagwera nthawi zambiri si pomwe vuto layambira. ISR, function yomwe imayenda interrupt ikachitika, imawononga memory mwakachetechete, kenako task ina yosalakwa n'kudzagwa pambuyo pake. Ndiye sindithamangira kuwerenga code. Ndimaika breakpoint mu HardFault_Handler, function yomwe processor imalowamo ikakumana ndi cholakwa chachikulu, n'kudikira kuti pulogalamu igwenso.

Ikaima, ndimayamba ndi register ya LR (link register). Bit 2 yake ikakhala 0, ma register anasungidwa pa MSP, stack ya ma handler. Ikakhala 1, ali pa PSP, stack ya ma task, ndiye kuti tinali mu task. Pa stack imeneyo pamandandalikana R0, R1, R2, R3, R12, LR, PC ndi xPSR, choncho PC, adiresi ya pomwe pulogalamu inali, ili ma byte 24 kuchokera pa stack pointer. Ma bit 9 a m'munsi a xPSR ndi nambala ya exception: ndikachotsapo 16, ndadziwa nambala ya interrupt (IRQ) yomwe inkagwira ntchito. Kenako ndimawerenga CFSR, register yonena mtundu wa cholakwa, pa 0xE000ED28. Bit yake ya BFARVALID ikayaka, adiresi yolakwikayo ili mu register ya BFAR. Koma CFSR ikaonetsa IMPRECISERR, PC ija musaikhulupirire, chifukwa sikuloza pomwe cholakwa chinachitikira. Pa M3 ndi M4 ndimayatsa bit ya DISDEFWBUF mu register ya ACTLR kuti cholakwa chigwidwe pamalo pake penipeni, ngakhale liwiro limatsikako.

Komwe ndimakhalitsa ndi pa priority, chifukwa apa m'pomwe ambiri amapunthwa. Pa Cortex-M nambala yaing'ono ndiyo yamphamvu, ndipo interrupt yomwe simunaipatse priority imakhala pa 0, pamwamba penipeni. Kernel ya FreeRTOS ikamakonza ma list ake imatseka ma interrupt kudzera mu register ya BASEPRI, koma okhawo omwe mphamvu yawo siposa configMAX_SYSCALL_INTERRUPT_PRIORITY. Wa pa 0 uja amalowa ndithu list ili theka, n'kuitana xQueueSendFromISR, pointer n'kusokonekera. Zikatere mumapeza pulogalamu ikungozungulira mu vListInsert. Pa ma chip a STM32 omwe ali ndi ma bit 4 a priority, malirewo kawirikawiri amaikidwa pa 5: ISR iliyonse yoitana FreeRTOS ikhale pakati pa 5 ndi 15, ndipo ma bit onse anayi akhale a preemption. Ndimaonetsetsanso kuti configASSERT, macro ya FreeRTOS yoyang'anira zolakwa, yatanthauzidwa. Imagwira cholakwachi pomwepo, ndipo kufufuza popanda iyo n'kungodzizunza.

Ndikatero ndimawerenga ISR iliyonse mzere ndi mzere. Function ya kernel yopanda FromISR kumapeto ichoke. printf ndi malloc zichokenso. Interrupt isayatsidwe queue yake isanapangidwe, apo ayi ISR ipeza NULL m'malo mwa queue. Variable yogawana ndi task ikhale volatile, komabe volatile payokha siteteza count++ kuti isadulidwe pakati. Pamenepo pamafunika critical section.

Pali msampha wina pa stack. configCHECK_FOR_STACK_OVERFLOW imangoyang'ana ma stack a ma task, pomwe ma ISR onse amadyera limodzi pa MSP. Ndimadzaza MSP ndi 0xA5 makina akamayamba, n'kuwapanikiza ndi ntchito kwa maola angapo, n'kuona kuti chizindikirocho chadyeka mpaka pati. Ma interrupt akalowana, aliyense amaonjezera ma byte 32 osawerengera ma variable ake, ndipo FPU ikakhala kuti yagwiritsidwa ntchito, amakhala 104.

Ngati makina sakugwa koma angouma mpaka watchdog (timer yoyambitsanso makina akauma) n'kuwayambitsanso, ndimakayikira flag ya interrupt, bit ya mu peripheral yomwe ISR imayenera kufufuta. Ndimakweza pin ya GPIO polowa mu ISR n'kuitsitsa potuluka, oscilloscope ili pompo. Ma pulse akamangotsatizana osapuma, flag sikufufutidwa ndipo ma task sakupeza mpata. Akamabwera awiriawiri, ndiye kuti flag ikufufutidwa pa mzere womaliza, ISR n'kutuluka uthengawo usanafike ku peripheral. Ndimasamutsira kufufutako kumayambiriro kwa ISR, kapena ndimawerenganso register yomweyo ndisanatuluke.