Bakkie ya malemu yapita, zikomo nonse, koma makamaka inu alamu

Abale ndi alongo a kuno ku Joni, nkhani ya bakkie ija, galimoto yonyamula katundu ya malemu amuna anga, yatha. Dzulo masana ndapereka makiyi, ndipo panja pano ku Rosettenville pangotsala banga la oyilo pomwe imagona. Ndakhala ndikulisuzumira pawindo ngati wozungulira mutu. Tulo palibe, ndiye ndati bola ndithokozeretu mtima ukadali wotentha.

Za maliro mukudziwa kale, sindibwereza. A gulu lathu la maliro munanyamula bambo a ana anga kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza, tinakawaika kwawo ku Thyolo. Mulungu abwezere pomwe munachotsa. Chomwe ambiri simukudziwa n'chakuti malemu ali m'chipatala anandiuza kawiri konse kuti, "Mayi, galimoto ija musagulitse. Mukawapatse amayi aja ophikira ana." Amayi amenewa ndi a mpingo wina wa kuno kwathu, amaphikira ana ndi anthu ogona mumsewu kawiri pa sabata. Ndiwo amakagula ku msika waukulu wa City Deep, matumba a kabichi ndi mbatatesi n'kumalimbana nawo m'mataxi. Malemu akakhala alibe ganyu ankawanyamulira ulere. Iwo ankati kupatsa n'kuika, ine ndinkati petulo sagula ndi mwambi. Tinkakangana nazo ndithu, ndisaname.

Ine ndinkayesa kuti kupereka galimoto n'kungotambasula dzanja, wina walandira, basi. Ayi ndithu! Galimoto inali m'dzina la malemu, pa traffic register number yawo, nambala ija amatipatsa ife opanda ID ya kuno. Ndisanasaine chilichonse panafunika kalata ya kwa Master (ofesi ya boma yoona za chuma cha omwalira), Letter of Authority, yomwe amapereka ngati chuma cha womwalira sichipitirira R250 000. Chuma chathu ife chinali bakkie yomweyo, filiji ndi mabokosi awiri a zitsulo. Disiki ya laisensi ya galimoto inali itatha kalekale, ndinalipira zotsalira ndi chilango chake pamwamba. Kenako fomu yachikasu ija ya NCO yodziwitsa kuti mwini wasintha, yofunika kuipereka pasanathe masiku 21. Amayi aja nawo anali ndi yawo yabuluu yolembetsera galimoto m'dzina lawo, ndi munthu mmodzi wosankhidwa kusainira bungwe lawo. Ku ofesi ina ndinabwezedwa katatu, tsiku lina chifukwa cha chidindo chokha. Ndinakhala pa benchi panja n'kulira ngati maliro achitika m'mawa womwewo.

Apa ndi pomwe ndikufuna kunena za alamu anga, amakaniki aja a ku Mangochi. Dzina sinditchula chifukwa andiletsa, koma nonse mukuwadziwa, palibe wa kuno amene galimoto yake sinalowepo m'manja mwawo. Sitili pa ubale wa magazi, ngakhale chipembedzo n'chosiyana, iwo ndi a ku mzikiti. Ndi malemu ankangotchulana achimwene kuyambira masiku omwe ankagona chipinda chimodzi ku Hillbrow, onse alibe kanthu.

Bakkie inali itaima miyezi isanu. Ndi Nissan 1400, mtundu womwe anasiya kupanga mu 2008, ndiye mudziwe nokha ukalamba wake. Batire inali itafa, matayala awiri aphwa, makoswe atadya mawaya. Alamu anabwera Lamlungu m'mawa, mu July, kuzizira kuja kwa kuno kolowa mpaka m'mafupa, udzu uli mbuu ndi chisanu. Anayala katoni pansi, n'kulowa kunsi kwa galimoto, kumangooneka mapazi okha. Ndinawapititsira tiyi, anazizira pomwepo pa bampala osamwedwa. Potuluka zala zinali zitang'ambika, girisi atalowa m'ming'alumo. Kabuleta anakaisaka okha ku sikirapu, anayenda malo atatu. Italira koyamba, utsi wakuda uli tolotolo, mwana wanga wamng'ono anatuluka m'nyumba akuthamanga akuyesa kuti bambo ake abwera. Alamu anazimitsa injini n'kutembenukira kukhoma. Tonse tinangoti zii.

Ku roadworthy, koyeza ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, inalephera ulendo woyamba: handibuleki yosagwira, galasi lakutsogolo long'ambika, nyali imodzi yoyang'ana kumwamba. Ine ndinati basi, tigulitse kwa a sikirapu, ndalamayo tikawapatse amayi aja. Iwo anati, "Alamu, achimwene sananene za ndalama. Ananena galimoto." Anakonza, anabwerera nayo, inakhoza. Anandikumbutsanso kuti pepala la roadworthy limagwira ntchito masiku 60 okha, ndiye tisagone. Tsiku lomwe ndinabwezedwa kachitatu lija, ndi iwo amene anatseka ntchito yawo n'kukaima nane pamzere kuyambira mbandakucha. Nditawafunsa kuti ndilipire zingati, anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Alamu, ndilibe choti ndingakupatseni. Mulungu amene mumamugwadira kasanu pa tsiku akusungireni manja amenewo.

Zikomonso amayi a chigwirizano amene munkandisungira ana ndikamazungulira m'maofesi, ndi mtsikana uja wa ku koleji amene anandiwerengera mafomu mzere ndi mzere osanditopera. Abwana anga kuntchito anandipatsa masiku osandidula malipiro, nawonso ndawathokoza pamaso. A bungwe lija anandiuza kuti atha kundilembera lisiti ya section 18A yoti ndikachepetsere msonkho ku SARS, bungwe lotolera misonkho kuno. Ndinaseka koyamba chichokereni kumaliro. Ine wochapa ndi kusita m'nyumba za anthu, malipiro anga afika liti poti n'kudulidwa msonkho? Ndinati lembani, ndikaika m'Baibulo.

Tsono pali ena. Pochotsa katundu m'galimoto, m'kabokosi ka kutsogolo kaja, ndinapezamo chipewa chawo, tepi yoyezera, ndi kabuku kakang'ono kachikuto chofiira. Malemu ankalemba aliyense amene anamusamutsa pa ngongole: wakuti, Turffontein kupita Tembisa, bedi ndi sofa, wakuti, katundu wa ku Park Station, "adzapereka kumapeto a mwezi". Masamba ndi masamba. Ena mwa mainawo sindinawaone pa maliro, sindinawaone mu July, koma mauthenga a pa WhatsApp ofunsa kuti "bakkie ija mukugulitsa zingati, tipangireni mtengo wachibale" ndiye ankafika usiku ndi usana. Enanso akumudzi anaimba foni kuti galimoto ya mwana wawo itumizidwe, osafunsa n'komwe kuti adzukulu awo adya chiyani. Sindikulonjerera munthu ngongole, musaope. Kabukuko ndakasunga bwino, ndimangokawerenga ndikasowa tulo.

Dzulo amayi aja anabwera asanu ndi mnyamata wawo woyendetsa. Tinapemphera titagwira boneti, alamu ataima chapatali pang'ono, chipewa chili m'manja. Atatha mapemphero anamuitana mnyamatayo n'kumuonetsa zinsinsi zake: giya yachiwiri imafuna kuinyengerera, m'mawa uyambe wakoka choko, madzi uziona tsiku ndi tsiku. Anamupatsanso nambala yawo ya foni, amvekere, "Ikadwala usapite nayo kwina, ndi mwana wanga ameneyu." Alamu, ndinakumvani, ngakhale munkanong'ona.

Chipewa cha malemu ndasunga. Tepi ndawapatsa alamu, ndipo imeneyo yokha sanakane. Loweruka likubwerali bakkie ikupita ku City Deep 5 koloko m'mawa, amayi aja ati ndikwere nawo kutsogolo. Ndavomera, koma ndawauza kuti chitseko cha kumanzere chimatsegukira kunja kokha, ndiye tikafika wina atsike adzanditsegulire.